Loweruka limodzi padoko la Honfleur

Funso: Ine ndi amuna anga timakhala ku England. Mu Juni muno tikupita ku ukwati wa mwana wa achemwali anga ku Le Havre, m'dziko la France. Ukwati uli Lachisanu, tidzabwerera Lamlungu, ndiye Loweruka lonse ndi lathu. Bambo a kunyumba akufuna tibwereke galimoto, tizungulire Étretat, Honfleur, Deauville mpaka Mont-Saint-Michel tsiku lomwelo. Ine ndatopa ndi ntchito ya usiku, ndikungofuna tsiku lopuma pafupi ndi madzi. Kodi Honfleur yokha ingatikwane tsiku lathunthu, kapena tikaboweka pofika masana?

Yankho: Mayi, mbali yanu ndi imene ndili. Ndaperekeza alendo m'chigawo cha Normandie kwa zaka zambiri, ndipo ulendo umene abambo akuufunawo ndinauyendapo kamodzi, ndili wachinyamata pantchitoyi, ndi banja lina limene linaumirira kuti laonongera ndalama zambiri ndiye liyenera kuona zonse. Tinaonadi zonse, koma kudzera pawindo la galimoto. Pofika usiku mayi wa m'banjamo anandifunsa kuti tchalitchi cha matabwa chija chinali m'tauni iti, pamene tinali titaimamo iye akujambula. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Auzeni abambo mitunda yake, mwina manambala angawagwire mtima kuposa mawu anu. Étretat ili kumpoto kwa Le Havre, pamene malo ena atatuwo ali kutsidya kwa mtsinje wa Seine, ndiye m'mawa womwewo mwayamba kale kupita ndi kubwerera. Kuchoka ku Honfleur kukafika ku Mont-Saint-Michel ndi maola oposa awiri pagalimoto, kupita kokha. Muonjezepo kusaka poimika galimoto Loweruka la mu Juni, kuyendetsa kudzanja lamanja kwa msewu munthu atazolowera kumanzere, ndi matupi amene dzulo lake avina paukwati. Mont-Saint-Michel, kachilumba kotchuka kokhala ndi nyumba yakale ya amonke pamwamba pake, ndi malo ofunika ulendo wakewake, musawapatse nyenyeswa za tsiku.

Honfleur ndi katauni kakang'ono, anthu ake ndi pafupifupi 7,000 basi, ndipo munthu wothamanga angakadutse mbali ina kufika mbali ina m'mphindi makumi awiri. Amene amati kulibe zambiri zoona ndi oterowo. Katauni aka sikafuna miyendo yaliwiro. Kamafuna munthu amene angakhale pansi n'kuyang'ana chinthu chimodzi kawiri.

Galimoto isiyeni. Ku Honfleur kulibe siteshoni ya sitima yapamtunda, koma kuchokera ku Le Havre kuli basi imene imatenga pafupifupi theka la ola, ndipo imadutsa pamlatho wa Pont de Normandie. Khalani cha kuwindo. Mlathowu unatsegulidwa mu Januwale 1995, ndi wautali mamita 2,143, ndipo pakati pa nsanamira zake ziwiri zikuluzikulu pali mpata wa mamita 856 wongolendewera pa zingwe zachitsulo. Pa nthawiyo panalibe mlatho wina wa mtundu umenewu wokhala ndi mpata waukulu chotere padziko lonse. Agalimoto amalipira kuti awoloke. Mukakwera pamwamba pake mudzaona bwino mmene malowa akhalira: Seine akutambasuka polowa m'nyanja, kumbuyo kwanu mafakitale ndi doko lalikulu la Le Havre, kutsogolo kaphiri kobiriwira ndi madenga otuwa m'munsi mwake. Musanakwere, jambulani pafoni ndandanda ya mabasi obwerera. Loweruka amakhala ochepa, ndipo yomaliza sichedwa monga mmene dzuwa limachedwera.

Yesetsani kufika isanakwane 9 koloko m'mawa. Mabasi akuluakulu a alendo ochokera ku Paris ndi a m'sitima zapamadzi amayamba kutsitsa anthu cha m'ma 10 kapena 11, ndipo kuyambira pamenepo mpaka chakumadzulo m'mbali mwa doko mumakhala mopanda poponda. Ola loyambalo ndi la eni tauni: osesa, otsitsa makatoni a nsomba, agogo okagula buledi. Pitani molunjika ku Vieux Bassin, ndiko kuti doko lakale, dziwe la makona anayi lozunguliridwa ndi nyumba mbali zitatu. Pezani mpando panja, muitanitse khofi ndi kabuledi ka batala kamene amati croissant, ndipo musachite china chilichonse kwa theka la ola. Ku France ukagula kapu imodzi ya khofi, mpando ndi wako mpaka utatopa nawo wekha. Palibe amene adzabwere kudzakuimirirani pamutu, ndipo bilu sabweretsa mpaka mutaipempha.

Mawu amodzi okha ndikupempheni muwaloweze pamtima, inu ndi abambo: Bonjour. Polowa m'sitolo, pokwera basi, musanafunse njira, musanaitanitse chakudya, yambani ndi Bonjour madame kapena Bonjour monsieur. Ambiri amene amabwerako n'kumati Afalansa ndi amwano ndi aja amene analowa m'sitolo ya munthu n'kungoloza chinthu osapereka moni. Ife a kwathu sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi, kungoti ku England mwina mwazolowera kungodutsana. Mukapereka moni m'Chifalansa, zotsalazo mungalankhule m'Chingerezi, pakuti ogulitsa ambiri kumeneko amachimva.

Muli pampandopo, yang'anani nyumba za kutsidya, za m'mbali imene amati Quai Sainte-Catherine. Ndi zopyapyala, zina m'lifupi mwake mungokwana mawindo awiri, koma zazitali mpaka nsanjika zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri, zopanikizana ngati anthu pamzere wa kuchigayo. Zambiri makoma ake anawakuta ndi timiyala taphanthiphanthi totuwa, mtundu womwe uja wa masileti amene ana asukulu ankalembapo kale, pofuna kuteteza matabwa a m'kati ku mvula ndi mphepo ya mchere. Chimene alendo ambiri sadziwa n'chakuti nyumbazi zinamangidwa motsamira chitunda. Khomo la kumaso lili padoko, koma kuseri kuli khomo lina lotulukira mumsewu wapamwamba, ndipo khomo limenelo limalowera pansanjika zapakati. Choncho nyumba imodzi imatha kukhala ndi eni awiri, wam'munsi ndi wam'mwamba, aliyense ndi msewu wake. Mukamaliza khofi mukazungulire kuseriko mukadzionere nokha.

Dziwe lenilenilo silinabadwe lokha. Linakumbidwa mu 1681 molamulidwa ndi Colbert, nduna ya mfumu Louis XIV, ndipo amene analimbikitsa ntchitoyo anali Abraham Duquesne, mkulu wa asilikali apamadzi. Chifukwa chake ndi khalidwe la nyanja ya kumeneko. Inu ndi ine tinakulira pa nyanja imene madzi ake amakwera ndi kutsika potsata dzinja ndi chilimwe. Uko madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, kusiyana kwake mamita angapo, ndipo nthawi yake imasuntha ndi pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse potsata mwezi. Doko lopanda chitseko likanasiya zombo zitagona chammbali m'matope theka la tsiku. N'chifukwa chake pali mageti otsekera madzi, ndi kamlatho kamene kamanyamuka kuti maboti adutse. Kakanyamuka, magalimoto ndi anthu onse amaima kudikira boti limodzi la munthu amene sakufulumira n'komwe. Ine ndimakonda kuonerera nkhope za alendo panthawi imeneyo. Amayamba ndi kuyang'ana wotchi, kenaka amaiwala.

Matope omwewo ndi amene anapulumutsa tauniyi, ngakhale eni ake akale sakanavomera kuti n'chipulumutso. Seine amanyamula dothi lambiri n'kulitula pamathiriro ake, ndipo madoko akale a Honfleur ndi Harfleur ankangokwiririka. Mu 1517 mfumu François I inakhazikitsa doko latsopano kutsidya, limene ndi Le Havre kumene kuli ukwati wanuko. Pang'ono ndi pang'ono zombo zikuluzikulu zinasamukira uko, chuma chinatsatira, ndipo Honfleur inatsala yopanda ndalama zogwetsera nyumba zakale n'kumanga zamakono. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, mu Seputembala 1944, mabomba anafafaniza pakati pa mzinda wa Le Havre. Nyumba zakonkire zimene mudzagonemo ndi zimene anamanganso motsogozedwa ndi Auguste Perret, ndipo bungwe la UNESCO linaziika pamndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2005. Honfleur mabombawo sanaikhudze. Mukhala mutaona nkhope ziwiri za mtsinje umodzi m'masiku awiri, ndipo zimenezo pazokha ndi ulendo.

Pakamwa pa dziwe pali nyumba yamiyala yooneka ngati zidutswa zingapo zolumikizidwa, dzina lake la Lieutenance. Inali mbali ya linga ndi chipata cha tauni, kenaka inakhala nyumba ya woimira mfumu. Pakhoma pake pali chikumbutso cha Samuel de Champlain, amene ananyamuka padoko lino mu 1608 n'kukakhazikitsa mzinda wa Québec ku Canada. Zimenezi aliyense wolondolera alendo adzakuuzani monyadira. Chimene ena amachidumpha, ndipo ine sindichidumpha makamaka ndikamayenda ndi anthu a kwathu, n'chakuti m'zaka za m'ma 1700 padoko lomweli pankanyamukanso zombo zopita kugombe la Africa kukagula anthu, n'kukawagulitsa kuminda ya nzimbe kuzilumba za Caribbean, makamaka ku Saint-Domingue kumene lero ndi Haiti. Doko lalikulu pa malonda oipawo m'dziko la France linali Nantes, koma Honfleur inali nawo m'gulu, ndipo zina mwa ndalama zimene zinakongoletsa tauniyi zinachokera kumeneko. France inathetseratu ukapolo mu 1848. Sindikunena izi kuti ndikuonongereni tsiku. Mukamajambulitsa pamenepo, mungodziwa kuti madzi okongolawo anaona zambiri.

Mwachita mwayi kuti tsiku lanu ndi Loweruka, chifukwa m'mawa wake kumakhala msika pabwalo la Sainte-Catherine ndi m'timisewu tozungulira, ndipo umatha cha m'ma 1 koloko masana. Mudzapeza tchizi cha m'chigawochi, Camembert, Livarot ndi Pont-l'Évêque, chilichonse chotchedwa dzina la mudzi kapena tauni imene chinachokera. Fungo lake lisakuthawitseni, Livarot amanunkha ngati sokosi ya mlimi koma mkamwa ndi wofatsa. Pemphani kulawa, ambiri amalola. Koma zipatso ndi ndiwo zamasamba musazigwiregwire monga timachitira posankha tomato. Kumeneko wogulitsa ndiye amakusankhirani, inu mumangonena kuchuluka kwake. Kunenerera mtengo kulibenso, ndipo basera musaiyembekezere. Mu Juni mumakhala masitiroberi ndi matcheri. Gulani kathumba kamodzi, mudzakafuna masana paphiri.

Tsopano tchalitchi. Ngati pa tsiku lonseli mungakumbukire chinthu chimodzi, chidzakhala chimenechi. Église Sainte-Catherine ndi tchalitchi chachikulu koposa cha matabwa m'dziko la France, ndipo nsanja yake ya mabelu ili payokha. Chinamangidwa nkhondo ya zaka 100 ya pakati pa England ndi France itangotha. Angerezi anali atalamulira Honfleur kuyambira 1419 mpaka 1450, nkhondoyo inatha mu 1453, ndipo tchalitchi chakale chamiyala chinali chitagwa. Miyala ndi ndalama zimene zinalipo zinkapita kokonza linga. Chimene tauniyi inali nacho chochuluka ndi nkhalango pafupi ndi amisiri okhoma zombo. Ndiye anthu anati, amene amadziwa kumanga chinthu choti chisalowe madzi kuchokera pansi, angalephere kumanga choti chisalowe madzi kuchokera kumwamba?

Mukalowa, musathamangire kutsogolo. Khalani pabenchi, mukweze maso. Denga lake ndi mimba ya chombo chovundikiridwa, nthiti zake zonse zikuoneka. Ndipo si chombo chimodzi, ndi ziwiri zogundana, chifukwa anthu atachuluka anaonjezera chipinda chachiwiri pambali pa choyamba. Mizati yake ndi mitengo ya oki, ija Baibulo limaitcha thundu, yosemedwa ndi nkhwangwa, ndipo mukaiyandikira mudzaona mabala a nkhwangwayo. Sikuti yonse ndi yofanana kutalika. Pamene mtengo unaperewera, anauika pamwala wokwererapo kuti ufike. Munthu amene anamangapo nkhokwe kapena chigafa cha fodya adzamvetsa msanga nzeru imeneyi: umagwiritsa ntchito mtengo umene nkhalango yakupatsa. M'katimo mumamveka fungo la matabwa akale ndi makandulo, ndipo mawu samveka mozizira ngati m'matchalitchi amiyala. Akhristu amapempheramobe, choncho abambo avule chipewa, ndipo mukapeza mwambo uli mkati foni ikhale m'thumba.

Nsanja ya mabelu ili kutsidya kwa bwalo, yomangidwa pamwamba pa nyumba ya woimba belu, itachirikizidwa ndi mitengo yopendekera m'mbali ngati nkhalamba yotsamira ndodo. Anaipatula dala. Denga la matabwa silikanapirira kulemera ndi kugwedeza kwa mabelu, komanso nsanja yaitali imaitana mphezi, ndipo moto ukanabuka pamenepo sukanapeza anthu ali m'mapemphero.

Za nkhomaliro ndilankhule mosabisa, chifukwa apa ndi pamene alendo amalirira ndalama zawo. Choyamba ndi nthawi. Malesitilanti enieni amapereka chakudya kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2, kenaka khitchini imatsekedwa mpaka cha m'ma 7 madzulo. Mukati tidya njala ikatipweteka, mudzapeza otsegula ndi okhawo amene amadikira anthu osadziwa. Chachiwiri ndi malo. Mipando ya m'mbali mwenimweni mwa dziwe mumalipirira maso, osati pakamwa. Ine ndinadyapo pamalo ena pamenepo nsomba imene inali isanasungunuke bwino pakati, pamtengo umene ndimachita manyazi kuutchula. Sindikuti onse ndi otero, koma lamulo langa ndi ili: padoko imwani, kuseri idyani. Lowani m'timisewu ta kumbuyo kwa tchalitchi kapena ta kuseri kwa holo ya tauni, mufunefune malo amene alemba zakudya zochepa pabolodi ndi choko, ndipo m'katimo mukumveka Chifalansa. Mukaona malo otero m'mawa, lowani mupemphe kuti akusungireni tebulo la anthu awiri. Funsani formule kapena menu du jour, ndiko kuti chakudya cha tsikulo cha mbale ziwiri kapena zitatu pamtengo umodzi. Madzi akumwa a pampopi ndi aulere mukapempha une carafe d'eau, koma mukangoti madzi adzakubweretserani a m'botolo olipira. Ndalama ya woperekera chakudya ili kale m'bilu. Mukakondwa mungasiye yuro imodzi kapena ziwiri, palibe wokukakamizani.

Mudye chiyani? Chotchuka ndi moules-frites, nkhono zam'nyanja za zigoba zakuda zophikidwa mumphika ndi anyezi, vinyo woyera kapena kirimu, pambali pake tchipisi. Amabweretsa mphika wonse patebulo. Mumadya ndi manja, zimene kwa ife si nkhani: mutenge chigoba chimodzi chopanda kanthu, muchigwiritse ngati kopanira potulutsa nyama m'zinazo, ndipo msuzi wotsala pansi muumalize ndi buledi. Nkhono imene yakana kutseguka itaphikidwa, isiyeni. Palinso crevettes grises, tinkhanu ting'onoting'ono totuwa timene asodzi a m'deralo amagwira pamathiriro a mtsinje, ndipo tauniyi imatichitira chikondwerero chaka chilichonse nyengo yozizira ikamayandikira. Nkhono zazikulu zija amati coquilles Saint-Jacques n'zokoma zedi, koma lamulo limalola kuzigwira kuyambira Okutobala mpaka pakati pa Meyi basi. Mu Juni wina akakuuzani kuti zake zavuulidwa m'mawa womwewo pafupi pomwepo, mumwetulire, muitanitse china.

Ngati abambo ali a gulu lija loti chinthu chopanda mamba sichilowa mkamwa mwawo, asadandaule. Nsomba yokazinga m'batala imapezeka paliponse, nkhuku yophikidwa ndi kirimu ndi maapozi iliponso, ndipo akakhala okonda zam'kati afunse tripes à la mode de Caen, chifu cha ng'ombe chophikidwa maola ambiri mpaka kufewa. Pomaliza yesani teurgoule. Ndi phala la mpunga la mkaka, shuga ndi sinamoni, lowotchedwa mu uvuni pamoto wochepa kwa maola ambiri mpaka pamwamba patachita nkhoko yofiirira. Mudzaseka kuti mwawoloka nyanja kudzadya phala la mpunga, koma mbale mudzaipukuta.

Normandie si dziko la mphesa, ndi la maapozi ndi ng'ombe. Chakumwa chake ndi cidre, madzi a maapozi owira. Wolembedwa doux ndi wotsekemera ndipo mphamvu yake ndi yochepa, brut ndi wowawirako ndi wamphamvu pang'ono. Onsewo ndi mowa, musanyengedwe ndi kukoma. Calvados ndiye kachasu wa maapozi, mphamvu yake 40 pa 100 alionse, ndipo kapu yake ndi kakang'ono pa chifukwa chomveka. Ngati simumwa, nenani jus de pomme, adzakupatsani madzi a maapozi osawira, ndipo a kumeneko ndi abwino kuposa a m'makatoni amene mumawadziwa. Nkhomaliroyi ipatseni ola ndi theka kapena awiri. Musaione ngati yakudyerani nthawi yoona malo. Kudya mosafulumira ndi chimodzi mwa zimene mwabwerera.

Masana dzuwa likatentha ndipo anthu adzaza padoko, ndi nthawi yolowa m'nyumba. Mumsewu wa Rue de la Ville muli nkhokwe ziwiri zamiyala za mchere, zomangidwa mu 1670, zimene zinkasunga matani okwana 10,000. Mchere wonsewo unali wa chiyani? Mbali ina unali wa msonkho wa mfumu wotchedwa gabelle, umene anthu ankadana nawo kwambiri mpaka unathetsedwa mu 1790. Mbali ina unali wa asodzi amene ankawoloka nyanja ya Atlantic kukagwira nsomba ya cod kufupi ndi Newfoundland, n'kuithira mchere kuti ifike kwawo isanaole. Nsomba yamchere imeneyo Apwitikizi amaitcha bacalhau, ndipo ndi kumene kunachokera dzina lathu lija la bakayawo. Lero m'nkhokwemo mumachitikira zionetsero ndi zoimbaimba. Mukapeza potsegula, suzumirani denga lake, ndi ntchito ya amisiri a zombo omwe aja.

Nyumba zosungiramo zinthu zakale zilipo zingapo, koma sankhani imodzi yokha. Ine ndingakutumizeni ku Musée Eugène Boudin. Boudin anabadwira m'tauni muno mu 1824, mwana wa munthu wapanyanja, ndipo moyo wake wonse ankajambula mitambo, magombe ndi maboti ali panja, pa nthawi imene ojambula olemekezeka ankagwirira ntchito m'nyumba. Ndi iye amene anakumana ndi mnyamata wina wa ku Le Havre wojambula zithunzi zoseketsa za anthu, n'kumukakamiza kuti atuluke naye panja akajambule kuwala kwa dzuwa. Mnyamatayo anali Claude Monet, amene anadzakhala wojambula wotchuka padziko lonse. Iwo ndi anzawo ankasonkhana pa nyumba ya alendo ya Ferme Saint-Siméon, pachitunda kunja kwa tauni, pamene pa nthawiyo panali pa anthu osauka ndipo lero ndi hotela ya anthu olemera. Ubwino wa kulowa m'menemo ndi umene umachitika mukatuluka. Mumayamba kuona kuti thambo la pamathiriro a Seine silikhala mtundu umodzi kwa mphindi khumi. Akakhala kuti abambo amakonda nyimbo ndi zinthu zachilendo, m'malo mwake pitani ku Maisons Satie, nyumba imene anabadwiramo wopeka nyimbo Erik Satie mu 1866. Mumayendamo mutavala zomvera m'makutu, ndipo mumatulukamo musakudziwa ngati mwaphunzira kanthu kapena akuseweretsani. Zonse ziwiri tsiku limodzi ayi.

Cha m'ma 4 koloko, kwerani phiri. Kumeneko amati Côte de Grâce, ndipo njira yake imayambira m'timisewu ta kumtunda kwa tchalitchi. Ndi chitunda chenicheni, cha mphindi 20 kapena 30 kwa munthu woyenda mopuma, choncho nsapato za ukwati zitsale ku hotela. Misewu ya tauni yonseyi ndi ya miyala yobulungira imene imadana ndi zidendene zazitali. Pamalo otchedwa Mont-Joli mudzaona tauni yonse pansi panu, madenga, dziwe, mtsinje ndi mlatho uja mwawoloka m'mawa. Matcheri aja adyereni pamenepo.

Mukapitirira pang'ono pansi pa mitengo ikuluikulu mudzafika pa kachalitchi ka Notre-Dame de Grâce, komangidwa pakati pa 1600 ndi 1615 m'malo mwa kena kakale kamene kanapita ndi kugumuka kwa phiri. Kunja sikaoneka kodabwitsa. M'kati, makoma onse adzaza ndi timiyala tolembedwa mawu othokoza, zithunzi za zombo zili pakati pa namondwe, ndi tizombo tosema tolendewera kudenga. Zonsezo anabweretsa ndi amalinyero amene analonjeza ali pakati pa imfa kuti akapulumuka adzakwera phiri ili, komanso akazi ndi amayi awo. Pa timiyala tambiri palembedwa liwu limodzi lokha, Merci, ndi chaka. Pa Pentekoste chaka chilichonse asodzi amakongoletsa maboti awo, wansembe amadalitsa nyanja, ndipo m'mawa mwake anthu amakwera phirili pamdipiti, ana atanyamula tizombo. Aliyense amene anadikirapo pagombe bwato limene lachedwa kubwera mwera utawomba sadzafuna womasulira m'kachalitchi kameneka. Inu amene mumagwira ntchito ya usiku, khalanimo pang'ono. Ndi malo abata koposa m'tauni yonse.

Potsika, ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, tsatani njira ya m'mbali mwa madzi kudzera m'munda wa Jardin des Personnalités mpaka kugombe la Butin. Madzi akakhala ataphwa mudzaona mchenga ndi matope kutalika, mbalame zikutolatola, ndi zombo zikuluzikulu zikulowa mumtsinje kupita ku Rouen. Si gombe loti mungalifanizire ndi a kwathu, ndipo madzi ake ndi ozizira ngakhale mu Juni. Ngati mwatopa, lidumpheni, simunataye kanthu. Koma juzi kapena jekete yopepuka ikhale m'chikwama kuyambira m'mawa, pamodzi ndi kaambulera, chifukwa ku Normandie mvula sipangana ndi munthu.

Kumapeto kwa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Pofika 6 koloko mabasi a alendo amakhala atanyamuka, mipando ya padoko imayamba kupezeka, ndipo kuwala kumagwera pa nyumba zija mopendekera, zithunzi zake zikugwedezeka m'madzi pakati pa maboti. Imeneyo ndi nthawi yobwerera pampando wa m'mawa uja. Apa ndi pamene muyenera kusankha: kuthamangira basi yomaliza, kapena kukhala mpaka mdima n'kubwerera pa takisi. Takisi yowoloka mlatho si yotchipa, ndipo simungangoiimitsa pamsewu, muyenera kupempha a palesitilanti kuti akuitanireni nthawi ikadalipo. Koma ndalama imene abambo akanalipira kubwereka galimoto, kuthira mafuta ndi kulipira misewu yopita ku Mont-Saint-Michel ndi yochuluka kuposa imeneyo. Auzeni kuti takisiyo alipire ndi iwo.